Mfuti ya chipolopolo chimodzi: ndigule iti yopita nayo ku Luangwa?

Bambo a Yamikani: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Chipata andiitana kuti chaka chamawa, udzu ukauma, tidzapite limodzi kukasaka ku chigwa cha Luangwa, kumalo ololedwa ndi boma la Zambia, motsogozedwa ndi mlenje wa chiphaso. Ndalama ya ulendowu ndakhala ndikusunga zaka zitatu. Chifefe ndili nacho kale, cha nkhanga ndi abakha, ndipo mapepala ake ndi okwana. Koma mtima wanga uli pa mfuti ya chipolopolo chimodzi, yopanda magazini, yoti ukawomba uyambe watsegula n'kuikamo china ndi dzanja. Agogo anga aamuna ku Dowa anali ndi gogodera, ndipo ankakonda kunena kuti mlenje wofuna kuwomba kawiri ndiye kuti sanayandikire mokwanira. Nyama zimene tikuganizira ndi ngoma, nguluwe, mwina ntchefu thumba likalola. Alamuwo akutchulanso njati. Ndigule ya mtundu wanji, nanga chipolopolo chake chikhale chachikulu bwanji?

Nabanda: Zikomo bambo kuti mwayamba n'kunena kuti ndi ku Zambia. Pagulu pano pali achinyamata amene angaganize kuti ukangokhala ndi laisensi ya mfuti ndiye kuti ungalowe ku Kasungu kapena ku Nkhotakota. Ayi ndithu. Chiphaso cha ku polisi ndi chosungira mfuti, si chophera nyama. M'mapaki a kuno simusakidwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, munthu wopezeka ndi mlandu wa njovu, chipembere kapena ngaka akhoza kukaseweza mpaka zaka 30. Ine ndinene poyera kuti zosaka sizili mumtima mwanga. Ndimaperekeza alendo ku Liwonde, ndipo ngoma ndimaikonda ikuyenda ndi nyanga zake zopotana zija. Koma ngati mwatsimikiza kupita, pitani ndi chida chopha msanga, nyama isazunzike.

Bambo a Yamikani: Ndamva mayi, ndipo sindikukutsutsani. N'chifukwa chake ndafunsa ndisanagule. Safunsa anadya phula.

Wa ku Joni: Achimwene, ine ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa famu ya nyama ku Limpopo, kulondola mapazi ndi kusenda zikopa. Mfuti za chipolopolo chimodzi ndinaziona ndithu, ngakhale alendo ambiri ankabwera ndi za bolt, zija za magazini zimene umakoka chogwirira cha pambali kuti chipolopolo china chilowe. Zilipo mitundu iwiri. Yoyamba ndi yothyola pakati, ngati chifefe chanucho: Baikal ya ku Russia, Thompson/Center Encore, Henry, ndiye kumtunda kwa mtengo kuli Blaser K95 ndi Merkel za ku Germany. Yachiwiri ndi yokhala ndi chitsulo chotsika pansi mukakoka chogwirira cha kunsi kwake, monga Ruger No. 1 ndi Winchester 1885 imene anaikonza John Browning. Pa ngoma ndi nguluwe iliyonse mwa izi ikwana, bola chipolopolo chikhale .30-06 kapena .308 (manambalawa ndi mayina a mitundu ndi kukula kwa zipolopolo). Pa njati ndisayankhe ine, alipo akuluakulu pano amene anaonana nayo maso ndi maso.

Amisiri a ku Kanengo: Ndilowererepo pa za zitsulo, poti ndiyo ntchito yanga. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi si kwa maonekedwe okha. Mfuti yothyola pakati imadalira mtanda umodzi wa chitsulo pamene imapindikira, ndi loko woitseka. Mukawomba, mphamvu yonse ya wonga imafuna kuitsegula. Pa zipolopolo zapakatikati palibe vuto, imatha zaka zambiri. Koma mukaikweza kufika pa zikuluzikulu, pang'ono ndi pang'ono imayamba kugwedera pamfundo paja. Ya chitsulo chotsika ndi ina. Chitsulocho chimakwera m'mizere yake n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa khoko la chipolopolo, ngati chitseko cha geti chotsetsereka, ndipo mphamvu imagawikira m'thupi lonse la mfuti. N'chifukwa chake Ruger No. 1 inapangidwa mpaka mu .375 H&H, .416 Rigby ndi .458. Nzeru yake si yatsopano. John Farquharson wa ku Scotland analembetsa kapangidwe kameneka mu 1872, ndipo a Ruger anangokadzutsanso m'zaka za m'ma 1960. Amene munaonapo Greener ija alonda ndi apolisi ankanyamula kale, chitsulo chake chopendekera pansi chija chinachokera ku Martini-Henry, mfuti ya asilikali a Britain ya mu 1871. Ndi pachibale zimenezi.

Ubwino wina umene anthu saudziwa ndi utali. Popeza palibe bolt yoyenda chakumbuyo, mfuti yonse imafupika ndi masentimita pafupifupi 10 poyerekeza ndi ya bolt ya mpope wofanana. M'tchire lowirira zimenezo zimathandiza, siikodwa m'nthambi.

Bambo a Yamikani: Amisiri, ndiye mukuti ndisiye zothyola pakati?

Amisiri a ku Kanengo: Sindinatero. Ngati thumba ndi lochepa, Baikal mu .308 kapena .30-06 ndi yolimba ngati khasu, ndipo imalunjika bwino kuposa mmene imaonekera. Pokhethemulira pake ndi pouma pang'ono, ndiye pafunika kuizolowera. Chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi kutulutsa khoko mukawomba. Mfuti ya bolt ili ndi mphamvu yozula khoko ngakhale litakakamira. Yothyola pakati ili ndi kachitsulo kakang'ono kongolikankha. Ku Luangwa mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo wonga wotentha umaphulika mwamphamvu kuposa wozizira, khoko n'kufufuma m'kati. N'chifukwa chake zipolopolo zimene anazipangira mfuti zothyola zimakhala ndi mkombero wotuluka kumatako, kuti kachitsulo kaja kagwire bwino. Mukaona dzina lothera ndi R, monga 7x57R kapena 9.3x74R, R ameneyo akunena mkomberowo. Ngakhale a Holland & Holland a ku London, potulutsa .375 mu 1912, anapanga ziwiri: ya lamba ya mfuti za bolt, ndi ya mkombero ya mfuti zothyola.

Wa ku Joni: Zoona amisiri, koma 9.3x74R mukaipeza kuti? Ku Limpopo konse ndinaiona kamodzi, ndi mzungu wina wa ku Germany amene anabwera ndi zipolopolo zake. Mukataya bokosi lanu panjira, ulendo wathera pomwepo. Pamene .30-06, .308 ndi .375 H&H zimapezeka m'masitolo ambiri a mfuti kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo alenje ambiri amakhala nazo mu galimoto. A kampani ya PMP ku Pretoria amazipanganso.

Amisiri a ku Kanengo: Pamenepo ndagonja. Ndiye kuti ya chitsulo chotsika ikupambana, chifukwa Ruger imatulutsa bwino makoko opanda mkombero.

Madala a ku Likuni: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwira ntchito ya ugemu zaka zambiri ndisanapume. Za zitsulo amisiri anena bwino, sindionjezerapo. Ndikufuna ndiyankhule ndi Bambo a Yamikani za njati.

M'zaka za m'ma 1980 tinaitanidwa kumudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango, kumene njati yamphongo inavulaza mayi wina akuchokera kotunga madzi. Tinapita atatu. Tinaipeza m'mawa, dzuwa lisanakwere, itaima pansi pa mtengo m'mbali mwa dambo. Ndinayandikira mpaka mapazi 40. Inaima chopingasa, mphepo ili kwa ife, zonse zili bwino monga mmene mlenje amapemphera. Ndinawomba paphewa ndi mfuti yaikulu ya boma, ndipo ndinamva chipolopolo chikulowa. Njati sinagwe. Inangodzidzimuka, n'kutembenuka, n'kulowa mu tsekera wotalika kuposa munthu.

Tinadikira theka la ola, kenako tinayamba kutsata magazi. Anali magazi a thovu, ofiira kwambiri, kusonyeza kuti mapapo abooka. Mnzanga wamng'ono anati imeneyi yafa kale. Koma njati yolasidwa ili ndi khalidwe lake. Imapita patsogolo, n'kukhota, n'kudzaima pambali pa njira imene yadutsa, kudikira amene akuilondola. Ife maso ali pansi pa magazi, iyo inatulukira kumanzere, mapazi osakwana khumi. Sindikumbuka kuti ndinakoka bolt liti, dzanja linachita lokha pamene ndinawomba koyamba paja. Chachiwiri ndinawomba mfuti isanafike n'komwe paphewa. Mnzanga wamkulu anawomba chachitatu chimene chinathyola msana, ndipo inagwa pafupi moti fumbi lake linandilowa m'kamwa.

Posenda tinapeza kuti chipolopolo changa choyamba chinadutsa mapapo onse awiri. Sindinaphonye. Tinapezanso zidutswa za chitsulo chomangira nyumba m'ntchafu mwake, bala litaola, kusonyeza kuti wina anaiwombapo ndi gogodera masabata apitawo. N'chimene chinaikwiyitsa mpaka kukavulaza mayi uja wosalakwa.

Agogo anu ananena zoona pa ngoma ndi mbawala. Koma njati ikhoza kulandira chipolopolo chabwino n'kukhalabe ndi mphindi zingapo za moyo, ndipo mphindi zimenezo imazigwiritsa ntchito pa inu. Ndikukupemphani ngati mwana wanga, musapite kwa njati ndi chipolopolo chimodzi pa ulendo wanu woyamba.

Nabanda: Madala, nkhani yanu yandigwira mtima. Mayi uja anachira?

Madala a ku Likuni: Anachira mwana wanga, koma mwendo unatsala wotsimphina. Ndinkakumana nawo kumsika zaka zambiri pambuyo pake.

Mnyamata wa ku Biwi: Pepani madala, ndifunse nawo mwaulemu. Ndinawerenga kuti Frederick Selous, mlenje wotchuka uja amene dzina lake linaperekedwa ku nkhalango yaikulu ya ku Tanzania, ankagwiritsa ntchito mfuti ya chipolopolo chimodzi ya Gibbs, ya kapangidwe ka Farquharson komwe amisiri atchula, ya .461. Anapha nayo mikango ndi njati, ndipo sanafe ndi nyama, anafa pa nkhondo mu 1917. Ndiye ngati iye anatha, chingalepheretse ena n'chiyani?

Madala a ku Likuni: Wafunsa bwino. Koma uganize zinthu ziwiri. Alenje a nthawi imeneyo sankayenda okha. Kumbuyo kwawo kunkakhala anthu athu onyamula mfuti ina yoikamo kale chipolopolo, ndipo akawomba ankangotambasula dzanja kulandira inayo. Chipolopolo chachiwiri chinalipo, kungoti chinali m'manja mwa munthu wina, amene dzina lake silinalembedwe. Chachiwiri, munthu ameneyo ankakhala m'tchire miyezi ndi miyezi, chaka ndi chaka. Bambo a Yamikani amakhala ku Lilongwe, ndipo akupita kwa sabata imodzi.

Wa ku Joni: Ndionjezerepo kuti masiku ano mlenje wa chiphaso amaima pambali panu ndi mfuti yake yaikulu, nthawi zambiri .416 kapena .458, kapenanso ya mipope iwiri. Ndiye alipo alendo amene amapha njati ndi Ruger No. 1, podziwa kuti zikavuta mlenjeyo amaliza. Koma ganizani bwino. Mwalipira ndalama zonsezo, kenako nyama yanu waimaliza munthu wina. Ndipo amene amayenda patsogolo potsata magazi si mlendo, ndi ife olondola mapazi, manja ali lende opanda mfuti. Ine ndinkayenda patsogolo pamenepo. Mlendo akalasa molakwika, mwana wa munthu wina ndiye amaika moyo wake pachiswe.

Bambo a Yamikani: Zimenezi sindinaziganizepo, achimwene. Ndimangoganiza za ine ndi nyama. Za njati ndazichotsa, ndiwauza alamu usiku uno. Tsono tibwerere ku ngoma, nguluwe ndi ntchefu.

Amisiri a ku Kanengo: Ngati ntchefu ilipo pa mndandanda, ine ndikanagula .375 H&H. Ntchefu yamphongo imafika makilogalamu 800 kapena kuposa, imalemera kuposa njati zambiri. Chipolopolo cha .375 cha magireni 300, amene ndi magalamu 19, chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 760 pa sekondi. Cha .30-06 cha magireni 180 ndi magalamu osakwana 12, ngakhale chimathamanga kuposerapo, cha m'ma 820. Munthu wa chipolopolo chimodzi afunika kuti chimodzicho chithyole fupa n'kupitirira. Komanso mukadzafuna njati zaka zikubwerazi, m'mayiko ambiri, monga Tanzania, salola chipolopolo chochepera .375, ndiye simudzagulanso ina. Mfuti imodzi, laisensi imodzi.

Wa ku Joni: Apa ndiye tisiyana amisiri. Ndinaona alendo ambiri atabwera ndi .375 imene ankaiopa. Munthu akuloza, koma maso watsinzina asanakhethemule, phewa lathawa kale. Chipolopolo chimakalowa m'mimba, ife n'kumayenda tsiku lonse kutsata ndowe ndi timadontho ta magazi. Pamene agogo ena a chiBunu ankabwera ndi .30-06 yakale, kapena 7x57, n'kugwetsa ntchefu pamalo amodzi. Ngoma yamphongo ndi makilogalamu 250 basi, nguluwe zambiri sizikwana n'komwe 100. Pa zimenezi .30-06 ndi yokwana n'kutsalako. Pa ntchefu ikwananso mukagula chipolopolo cholimba chosaphwanyika pa fupa, monga Nosler Partition, Swift A-Frame kapena Barnes TSX, ndipo mukadikira kuti iime bwino. Musaiwalenso kuti mfuti za chipolopolo chimodzi zambiri ndi zopepuka. Mfuti ikapepuka imamenya phewa kwambiri. Baikal ndi makilogalamu atatu okha. Ruger ya .375 anaikulitsa mpope dala kuti ifike makilogalamu anayi, komabe imakankha.

Amisiri a ku Kanengo: Kukankha munthu amazolowera.

Wa ku Joni: Amazolowera akawomba zipolopolo zambiri. Kuno ku Lilongwe adzazipeza kuti zipolopolo 100 za .375 zophunzirira, ndipo pa mtengo wanji?

Madala a ku Likuni: Pamenepa ndili kumbali ya mnyamata wa ku Joni. Mfuti yabwino ndi imene mwini wake saiopa. Bambo a Yamikani, munawombapo mfuti ya chipolopolo, kupatula chifefe?

Bambo a Yamikani: Kawiri kokha madala, .303 ya mnzanga, zaka zapitazo.

Madala a ku Likuni: Ndiye .30-06. Imaposa .303 pang'ono chabe pa kukankha.

Mlimi wa ku Mitundu: Pepani ndilowe pakati ndi vuto langa. Munda wanga uli chakufupi ndi Dzalanyama, ndipo nguluwe zandithera chimanga ndi chinangwa chaka chino. Baikal mukunenayi, poti ndi yotsika mtengo, singandithandize kulondera usiku?

Madala a ku Likuni: Achimwene, ululu wanu ndikuudziwa, nguluwe imatha munda usiku umodzi. Koma mfuti ya chipolopolo m'munda usiku ayi. Chipolopolo cha .308 chikaphonya chimauluka makilomita oposa atatu, ndipo ku Mitundu kulibe mbali imene kulibe mudzi. Usiku m'chimanga simudziwanso ngati chikugwedeza mapesi ndi nguluwe kapena mwana wa mnansi wanu. Pitani kaye mukanene ku ofesi ya zanyama zakutchire, iwo ndi amene ali ndi udindo pa nyama zovutitsa anthu. Pakadali pano kumbani ngalande mbali imene zimalowera, mangani chilindo, muzisinthana ndi anzanu oyandikana nawo minda, moto ndi zitini. Nguluwe imadana ndi fungo la munthu ndi agalu.

Nabanda: Ndipo mukakanena muzipita angapo, ndi kalata ya amfumu. Dandaulo la mudzi limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

Mlimi wa ku Mitundu: Zikomo, ndikambirana ndi amfumu Loweruka.

Bambo a Yamikani: Tsono pa .30-06 tagwirizana. Nanga galasi loonera lija, sikopu, ndi lofunika? Ndimafuna ndizingoloza ndi zitsulo za pampope ngati agogo.

Wa ku Joni: Ikani sikopu achimwene, musachite manyazi. Ngoma ndi yotuwa ndi mizere yoyera, ikaima mumthunzi wa mitengo ya tsanya simuiona ngakhale ili pa mamita 80. Nthawi zambiri mumaona khutu lokha kapena mwendo. Sikopu imakuthandizani kuona kanthambi kamene kali pakati pa inu ndi phewa lake, ndipo kanthambi kakang'ono kamapatutsa chipolopolo. Musagule yokulitsa kwambiri. Ya 2-7 kapena 1.5-5 ndi yokwana, chifukwa m'tchire ngati la ku Luangwa kuwomba kwambiri kumachitika pakati pa mamita 50 ndi 150. Muikonze kuti izimenya pakati pa mamita 100.

Amisiri a ku Kanengo: Pa Ruger No. 1 pali zinthu zitatu zoti mudziwiretu. Sikopu imakhala patsogolo kwambiri chifukwa zomangira zake zili pampope, ndiye ambiri amafunika mphete zobwerera m'mbuyo kuti diso lifike bwino. Chachiwiri, khoko likamatuluka nthawi zina limagunda kabatani ka sefite (koletsa mfuti kulira mwangozi) kali pamwamba paja n'kubwerera, ndiye muzipendeketsa mfuti pang'ono potsegula. Chachitatu, thabwa la kutsogolo limapachikidwa pa kachitsulo kochokera m'thupi la mfuti, ndipo zina zimasintha pomenya mpope ukatentha. Koma kwa inu zimenezo si nkhani yaikulu. Chimene chikukukhudzani ndi pamene chipolopolo choyamba, cha mpope wozizira, chikumenya. Poyesa muziwomba chimodzi, n'kudikira mphindi khumi, n'kuwombanso china.

Wa ku Joni: Ndipo musaphunzirire patebulo pokha. Kutchire mudzawombera pa ndodo zitatu zomangidwa pamodzi, mutaimirira, mtima ukugunda chifukwa mwayenda maola atatu. Dulani nsungwi zitatu, mumange ndi mphira, muziyeserera kunyumba ndi mfuti yopanda kanthu. Gulaninso zipolopolo zabodza zophunzirira kuika ndi kutulutsa. Zipolopolo ziwiri zapadera zizikhala pa kachikwama ka pathako la mfuti kapena pamkono, osati m'thumba la buluku. Lamulo lake ndi ili: mukawomba, maso akhale pa nyama, manja aziika china okha. Alendo ambiri akawomba amatsitsa mfuti n'kumayang'ana ngati akuonera mpira. Munthu woyeserera amaika chachiwiri m'masekondi atatu kapena anayi.

Madala a ku Likuni: Ndi pomenya pomwe. Nyama zathu za kuno mtima ndi mapapo zili patsogolo, pakati pa mapewa. Mutsate mwendo wakutsogolo kukwera nawo, mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi. Mukamenya kumbuyo kwa phewa ndi chikhatho chimodzi chokha, mwalowa m'chifu. Ikaima chokupenyani kapena chokufulatirani, isiyeni. Ikakhala ikuyenda, isiyeni. Apa ndi pamene mfuti yanuyo ndimaikonda ine, chifukwa munthu wodziwa kuti alibe chachiwiri sathamangira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaona anthu a magazini odzaza akuwomba kasanu nyama ikuthawa, zonse m'matako.

Nabanda: Ndifunse a ku Joni. Nyama ikalasidwa n'kusowa, zimatha bwanji?

Wa ku Joni: Magazi akangooneka, ngakhale dontho limodzi, nyamayo imawerengedwa kuti ndi yanu ndipo mumalipira mtengo wonse, ipezeke isapezeke. Timaifunafuna mpaka mdima, m'mawa n'kuyambiranso. Zina tinkazipeza patapita masiku awiri chifukwa cha miimba. Zimenezo zinkandipweteka mtima kuposa ntchito ina iliyonse pa famu paja.

Nabanda: N'zimene ndimaopa. Bambo a Yamikani, mukakaona kuti simukutsimikiza, bwererani chimanjamanja. Palibe adzakusekeni pagulu pano.

Mnyamata wa ku Biwi: Nanga mapepala? Mfuti ngati imeneyi sindinaionepo m'sitolo muno m'tauni.

Amisiri a ku Kanengo: N'zoona, ambiri amaitanitsa kunja, kawirikawiri kudzera ku South Africa. Koma musalipire kalikonse musanapeze chilolezo cha polisi. Yambirani pa polisi ya kwanu, nkhani zake zimakathera ku likulu ku Area 30. Chilolezo cha chifefe sichikhudza mfuti ina, iliyonse ili ndi pepala lake lokhala ndi nambala yake. Potuluka nayo pa Mchinji pafunika chilolezo cha kuno, ndipo polowa pa Mwami pafunika cha ku Zambia cha kanthawi kochepa, chimene mlenje wanu ayenera kukuthandizani kukonzeratu miyezi isanakwane. Nambala ya pamfuti ndi ya papepala zifanane chilembo ndi chilembo, ndipo zipolopolo amaziwerenga.

Wa ku Joni: Pali njira inanso. Misasa yambiri ya alenje imabwereketsa mfuti, mumangolipira pa tsiku ndi zipolopolo zimene mwawomba. Idzakhala ya bolt, mosakayika, koma mukhoza kuikamo chipolopolo chimodzi chokha ngati mtima wanu ukufuna choncho. Mukatero mudzadziwa ngati zosakazi mukuzikondadi musanataye ndalama zambiri.

Madala a ku Likuni: Ine pamenepo ndili pakati. Mfuti yobwereka simuidziwa pokhethemulira pake. Koma kupita ndi yanu imene yafika sabata yatha, musanaiwombe, ndi chimodzimodzi. Ngati mapepala atuluka pofika Epulo, pitani ndi yanu. Akachedwa, bwerekani, ndipo tsiku loyamba lonse mulithere pa chandamale.

Nabanda: Mufunsenso dzina la dera limene mukupita. Mu South Luangwa National Park simusakidwa. Kosaka ndi m'madera ozungulira pakiyo, monga Lupande, ndipo nyama iliyonse imakhala ndi chilolezo chake. Alamu anu akuonetseni mapepala a mlenjeyo musanatumize ndalama. Mutengenso mankhwala a malungo ndi malaya a manja aatali, osati akuda kapena a buluu, chifukwa kashembe amakonda mitundu imeneyo.

Bambo a Yamikani: Akuluakulu, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndalankhula ndi alamu pa foni posachedwapa. Poyamba anakhumudwa pa za njati, koma nditawawerengera nkhani ya madala anakhala chete, kenako anati nawonso aisiya pa ulendo uno. Ndiye ndatsimikiza chonchi: Ruger No. 1 ya .30-06, zipolopolo za magireni 180, sikopu ya 2-7. Ikavuta kupezeka kapena mtengo ukapitirira, Baikal ya .30-06 yomweyo. Ntchefu ndidzaiona ndikafika, mlenje akadzaona mmene ndikuwombera pa chandamale. Lolemba ndipita ku polisi kukafunsa mafomu.

Amisiri a ku Kanengo: Ikafika mubwere nayo ndi mapepala ake, ndidzakumangireni sikopu. Zomangira zikalimba mosiyana zimapinda galasi.

Mnyamata wa ku Biwi: Bambo, nanga gogodera ya agogo ija ilipo?

Bambo a Yamikani: Ayi, atamwalira amalume anakaipereka ku polisi poti inalibe mapepala. Chinatsala ndi nyanga ya ng'ombe imene ankasungiramo wonga, ili ndi chotsekera cha mtengo chimene anasema okha. Ili pa shelefu kunyumba kwanga.

Madala a ku Likuni: Loweruka m'mawa mubwere kuno ku Likuni, cha m'ma 6 koloko dzuwa lisanatenthe. Mfuti sitifuna. Tidzayenda m'mphepete mwa dambo, ndikuonetseni kuyenda mosaswa masamba ndi kuyesa mphepo ndi phulusa. Muvale nsapato zimene mudzapite nazo ku Luangwa, ziyambe kufewa. Nyanga ya wongayo mubwere nayo, ndikufuna ndiione.

Bambo a Yamikani: Ndifika madala. Nditsike pati?

Madala a ku Likuni: Mutsike pamsika, mundiimbire. Mdzukulu wanga adzakutengani pa njinga.